Chaka Chimene Ndinakhala Ng'ombe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene mpingo wathu ku Ndirande unaganiza zoti sewero la Khirisimasi likhale ndi ng'ombe yeniyeni. Zaka zonse ng'ombe inkakhala yojambula pa katoni, ndipo chaka chapitacho mphepo inaigwetsera pa Mwana Yesu. Akatekisiti anati zimenezo zisachitikenso.

Mumpingo monse munalibe woweta ng'ombe. Amene anatithandiza anali Che Saidi, Msilamu wogulitsa nyama kumsika, omwe anali ndi thole lofiira limene ankafuna kuliweta. Anatibwereka mwezi wathunthu kuti lizolowere ana ndi nyimbo. Tsiku limene ankalikoka pachingwe kudutsa pamsika, pamene anyamata a malaya ofiira ankafunsa anthu makadi a chipani, munthu wina anafuula ali kuseri kwa mnzake kuti, "Nanga ameneyo khadi ali nalo?"

Tholelo linakagonera kwathu, chifukwa bambo anga anali ochokera ku Nsanje, ndipo aliyense ankadziwa kuti anthu a kuchigwa ndiwo eni ng'ombe. Wosadziwa, bambo ankamuuza okha.

"Che Saidi, musade nkhawa," anatero akusisita msana wa thole. "Ine ng'ombe ikangotsokomola ndimadziwa chimene yadya dzulo."

Koma bambo ankapita kuntchito kufakitale, choncho wodyetsa ndinali ine. Ndinalinso Yosefe m'seweromo. Mariya anali Sesiliya, mtsikana wa mpata kumano, yemwe ankanditsina ndikaiwala mawu.

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Udzu unali wouma ngati tsache, ndipo madeya amene mayi ankapeza sankakwana. Tsiku lina ndinakwera phiri ndi chikwakwa. Pamalo pamene panapsa ndi moto ndinapeza zitsamba zobiriwira bwino zangophuka kumene, nsonga zake zopindika ngati chogwirira cha ambulera, masamba ake onga nthenga. Ndinadzaza thumba, ndikuthokoza Mulungu chifukwa chondisonyeza msipu m'chilala.

Thole linanunkhiza, n'kutembenuka. Ndinakumbukira kuti bambo ankati ng'ombe imakonda mchere, ndiye ndinaba pang'ono m'chitini cha mayi, n'kusungunula m'madzi, n'kuwaza. Linadya zonse. Kuyambira pamenepo ndinkachita zimenezo tsiku lililonse, osauza munthu.

Woyandikana nafe anali Mayi Nakhumwa, a ku Thyolo, amene ankatcheza kachasu ndipo kutchalitchi ankangobwera pamaliro. Tsiku lina anasuzumira pampanda, bambo ali pomwepo.

"A Nyakwawa," anatero, pakuti ndi mmene ankawanyodolera, "masamba amenewo kwathu ngakhale mbuzi imawalambalala."

"Mayi, ng'ombe si mbuzi," anayankha bambo. "Inu samalani m'phika wanuwo."

Bambo anali asanaonepo chitsamba chimenecho, chifukwa kuchigwa kotentha sichimera. Koma munthu amene wanena pagulu kuti amamva chifuwa cha ng'ombe safunsa wotcheza kachasu.

Sabata yachinayi thole linasiya kudya. Thupi linatentha, khosi linatupa, ndipo linkapuma mokoka ngati munthu wochita nkonono. Kenaka linayamba kutuluka magazi m'mphuno, ndipo ndowe zake zinada. Akatekisiti anabwera ndi madzi odalitsidwa. Amayi ena a mumpingo anati mwina ng'ombe ya Chisilamu ikukana Khirisimasi. Koma ambiri anagwirizana chimodzi: Mayi Nakhumwa alimwetsa zotsalira za kachasu chifukwa cha nsanje. Wina anati anawaona ali pampanda ndi chidebe. Chidebecho ankatungira madzi tsiku ndi tsiku, koma sabata imeneyo chinasanduka umboni. Anthu anayamba kunena zokawauza eni nyumba kuti awasamutse.

Ine sindinaulule za mchere uja. Ndinkakumbukira mawu a Mayi Nakhumwa aja, koma ndinkakumbukiranso mkanjo wa Yosefe umene mayi anga anali atasoka kale.

Thole linafa kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ifike. Che Saidi anabwera ndi mlangizi wa ziweto, anthu atadzaza pabwalo ngati pamaliro a munthu. Mlangizi sanafunse aliyense. Anapita pomwe thole linkadyera, n'kutola tsamba limodzi. Anatchula dzina lake lachizungu, limene ndinaliiwala nthawi yomweyo, n'kunena kuti masamba amenewa amawononga magazi pang'onopang'ono, makamaka a ng'ombe zazing'ono, ndipo matendawo akamaonekera amakhala atafika kale patali. Anati nyamayo ikwiriridwe.

"Chondidabwitsa n'chakuti ng'ombe siziwakonda," anatero. "Pokhapokha njala itavuta zedi."

"Alipo amene analizunguza mutu," anatero mayi wina, maso ali kumpanda, kumene Mayi Nakhumwa anaima atapinda manja.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndinkathira mchere."

Woyamba kulankhula anali mayi anga: "Ndiye mchere wanga unkathera kumeneko! Ine ndinkangoti tauni ino yadula."

Bambo anavula chipewa. Ndinayembekezera lamba, koma anayenda mpaka kumpanda, n'kuwerama pamaso pa anthu onse.

"Mayi, munanena. Ndine amene sindinamve. Pepani."

"Ng'ombe si mbuzi, a Nyakwawa," anatero Mayi Nakhumwa, n'kulowa m'nyumba mwawo.

Kenaka bambo anatembenukira kwa Che Saidi, osadziwa poyambira. Mkuluyo anayang'ana thole lake nthawi yaitali, akusisita ndevu. Linali thole lokongola, ndipo ndinaona kuti zawapweteka.

"Mwini zonse watenga," anatero. "Mwanayu sanaliphe ndi nkhanza, walipha ndi khama. Koma ine ndinalonjeza mpingo wanu ng'ombe, ndipo sindifuna kutchedwa wabodza. Ng'ombe ndi iyi." Anandiloza ine.

Ndi mmene ndinachokera pa u Yosefe. Mkanjo wanga anavala Pasikali, mnyamata wachibwibwi. Ine anandiveka chiguduli, nyanga zake za zitsononkho, ndipo ndinagwada ndi manja ndi maondo pasimenti sewero lonse. Chigudulicho chinali chonunkha nsomba zouma. Nthawi iliyonse abusa akagwada, Sesiliya ankandinong'oneza osagwedeza milomo kuti, "Ng'ombe iwe, ukufuna mchere?" Nditadzutsa mutu ndinaona Che Saidi ali panja pawindo, atavala chipewa chawo choyera, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Pambali pawo panali Mayi Nakhumwa, atabwera kutchalitchi koyamba popanda maliro.

Patapita zaka khumi ndi zinayi Sesiliya uja ndinamukwatira. Zaka zonse za ukwati wathu, ndikayamba kuweruza munthu ndisanamve mbali yake, kapena kulimbikira chinthu chimene sindikuchidziwa, iye sankakangana nane. Ankangotenga mchere n'kuusuntha pang'ono patebulo, kufikitsa patsogolo panga.

Lero ndikuona kuti tonse tinali ndi mtima wabwino: ine wodyetsa, bambo odziwa ng'ombe, amayi ofuna chilungamo. Amene ankanena zoona anali munthu yemwe tinali titamuweruza kale. Thole lomwelo linali litakana, ine ndi amene ndinalinyengerera.

Mayi a kunyumba, Sesiliya, anatsogola zaka zinayi zapitazo. Ana anga amadabwa kuti kumphakati wathu wa mpingo, anthu akatenthetsa nkhani ya munthu wina, ine ndimachedwa kulankhula. Sadziwa kuti ndikamadya ndekha, kambale ka mchere kamakhala pamalo pomwe iye anakasiya, ndipo mpaka pano kamandiyang'ana.