Mapepala Opyapyala a Malume

Malume anali ndi burashi yometera ndevu imene sinakhudzepo ndevu. Chogwirira chake chinali chamtengo wakuda, ubweya wake wofewa ngati wa kamwana ka mphaka, ndipo inkakhala m'thumba la malaya pamodzi ndi pensulo. Ntchito yake inali kusesa chuku pamapepala. Mpaka lero ndimaliona dzanja lawo likuyenda mwapang'onopang'ono kuchokera pakati pa pepala kupita m'mbali, kafumbi kobiriwira kakuuluka padzuwa la m'mawa.

Anabwera kwathu ku Misuku ine ndili sitandade sikisi, khofi atangoyamba kufiira m'minda. Kummwera ankagwira ntchito mu laibulale ya yunivesite, osati kumene ophunzira amabwereka mabuku, koma m'chipinda cha kumbuyo chosungiramo makalata akale, zolemba za amishoni, ndi mawu a okalamba amene analembedwa eni ake asanamwalire. Tsiku lina anangouzidwa kuti alongedze. Palibe anandiuza chifukwa chake, nanenso sindinafunse. Masiku a chipani chimodzi aja mwana ankadziwa msanga mafunso oyenera kumeza. Anatsika lole pamsika ali ndi jekete imodzi ndi bokosi lachitsulo limene anyamata awiri analinyamula akupumira m'njira.

M'bokosimo munalibe zovala. Munali mapepala awo: makalata, timakadi tolembedwa ndi pensulo, makope, ndi mitolo ya mapepala opyapyala kwambiri. Kwa zaka zambiri, akabwera ku tchuthi, ankayenda wapansi m'midzi ya kwathu mpaka ku Nthalire, kufunsa okalamba za kale. Akabwerera kuntchito ankazitaipa, pepala lenileni n'kusiya mu laibulale, lachiwiri lopyapyala la pansi pa kaboni n'kusunga okha. Ankati atachoka sakudziwa ngati enieniwo anatsala pashelufu.

"Sindinabe kanthu," ankatero. "Izi n'zanga."

Amayi, omwe ndi mlongo wawo, sanali kumva zimenezo. Bambo wina wa kutsidya kwa mtsinje anatengedwa ndi galimoto ya boma chifukwa cha kalata imodzi yochokera ku Tanzania, ndipo mkazi wake anali atathyola khofi kawiri ali yekha. "Achimwene, pepala limamangitsa munthu," ankanong'ona amayi. "Tiwotche, kapena tikwirire kunthochi." Malume ankangopukuta magalasi.

Mdani amene malume ankamuopa anali wina. Ku Misuku chifunga chimalowa m'nyumba ngati mwini wake. Bulangete limadzuka lonyowa, mchere umasungunuka m'botolo. Pasanathe milungu yambiri mapepala anayamba kununkha ngati chimanga cha pansi pa nkhokwe, madontho akuda atamera m'makona. Ndiye m'mawa wina malume anapita pathebulo lathu la waya loyanikira khofi, nakankhira khofi wa amayi mbali imodzi, n'kuyala mapepala awo, lililonse ndi kamwala kake pamwamba. Ankawasesa ndi burashi, kuwatembenuza, kuwabwezera m'ndondomeko ya manambala amene analemba pakona.

Thebulolo linali m'mbali mwa njira ya kusukulu.

Ine ndinali mwana woti aphunzitsi akatchula dzina langa mawu ankandithawa. Ndinkakhala pakona, pafupi ndi zenera, n'cholinga choti ndisaoneke. Tsono mwadzidzidzi sukulu yonse inandidziwa.

"Iwe, khofi wa malume ako wauma?"

"Akagulitsa giredi yanji, wa zilembo uja?"

"Ati anawerenga kwambiri mpaka mutu unatembenuka!"

Ndinayamba kudzera kunthochi, njira yoterera, kufika kusukulu diresi litanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Ndinali ndi kakope kanga kamene ndinkalembamo za tsiku lililonse m'Chichewa, poti aphunzitsi ankati ife a kuno tizichizolowera. Masamba a nyengo imeneyo ndi aafupi. "Lero anandisekanso." "Lero malume anandiitana anzanga akuona." Palibe pamene ndinalemba chimene chinali pamapepala awo. Ndatsegula kangapo kufunafuna. Palibe.

Aphunzitsi athu anali a ku Dedza, munthu wofatsa amene anaphunzira kupereka moni wa Chitumbuka koma wa Chisukwa chathu unkawakanika. Tsiku lina ananditsalitsa ena atatuluka, namayang'ana pabolodi m'malo moyang'ana ine. "Ukawauze malume ako kuti anthu ayamba kufunsa," anatero chapansipansi. Ndinakawauza amayi, amayi n'kulira. Malume anamva, nati chuku sichidikira kuti anthu asiye kufunsa, ndipo m'mawa mwake anayalanso.

A tcheyamani a chipani a dera lathu anabwera Loweruka, ali ndi anyamata awiri a malaya ofiira amene ankayang'ana makadi a chipani pamsika. Anali munthu wamng'ono thupi, wa mano achikasu, wokonda kuseka. Amayi anatulutsa mipando, nagwada potero, ine ndinagwada kumbuyo kwawo. Koma alendowo sanakhale. Anapita molunjika pathebulo.

A tcheyamani anapereka moni wa kwathu: "Mwaghona, Bwana Mabuku. Tamva kuti mwatsegula ofesi."

Malume anavula chipewa. A tcheyamani anachotsa kamwala, natola pepala limodzi lopyapyala, n'kulikweza moyang'anitsa dzuwa. Ndimakumbukira fungo la makoko a khofi owola kuseri kwa nyumba, ndi ntchentche zikulira. Tonse tinkayesa akuwerenga. Analitikita pakati pa zala, nalinunkhiza.

"Ee! Ili ndiye pepala. La nyuzipepala limawawa kukhosi, la m'kope n'lolimba ngati chikopa."

Analing'amba pakati, natulutsa kachikwama ka fodya wa chingambwe, n'kuyamba kupichira. Amayi anaseka, kuseka kwa munthu amene watula mtolo wa nkhuni. "Tengani, a tcheyamani, tengani. Alipo ambiri." Kwathu mlendo akapempha moto kapena pepala la fodya sakanizidwa, ndipo mlendo uyu sakanakanizidwa ngakhale akanapempha mbuzi. Ine ndinatumidwa kukapala khala la moto pachigoba. Malume ndiwo analilandira, nalifikitsa okha pakamwa pa a tcheyamani. Zilembo zinkada, n'kupindika, n'kusanduka phulusa.

"Mwana azindibweretsera limodzi limodzi," anatero a tcheyamani pochoka. "Ndikatenga ambiri anyamatawa andibera. Za ku boma musade nkhawa. Ndiwauza kuti ndaona ndekha, n'zinyalala za munthu wodwala."

"Ndagha," anathokoza malume.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, ndinkanyamula pepala limodzi kukasiya kwa a tcheyamani. Ndinkagwada pakhonde, kulipereka ndi manja awiri. Ankandiyamikira kuti ndine mwana waulemu, ndipo ndinaphunzira kulipinda ndi kuling'amba mizere yowongoka kuti asavutike. Anzanga anapeza nyimbo yatsopano, yonena za mtsikana wogulitsa fodya wa yunivesite. Koma galimoto ya boma sinaime pakhomo pathu. Amayi anayambanso kugona tulo.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali china. Malume sankangondipatsa pepalalo. Ankayamba asankha nthawi yaitali, kutola ili, kulibweza, kutola lina. Akasankha ankandiimika pafupi ndi thebulo, pomwepo panjira, n'kuliwerenga lonse mokweza, mawu ena m'Chingerezi, ena m'Chisukwa chakale chimene ngakhale amayi sankachiyankhula. Akamaliza ankati, "Tanena iwe tsopano. Anayankhula ndani? Wa mudzi uti? Anati chiyani?" Ndikalakwitsa ankabwereza. Ine maso anali kunjira, makutu akumvetsera mapazi a anzanga akutsika phiri. Ndinkayankha chilichonse choti andimasule.

Malume anamwalira ufulu wa zipani zambiri usanafike. Patapita zaka, amayi anapereka bokosi lija ku laibulale yomweyo imene inawachotsa. Ndinapitako kamodzi ndili mayi wa ana anga. Mtsikana wina waulemu wogwira ntchito mmenemo anandikhazika pathebulo loyera, nandibweretsera makatoni olembedwa dzina lawo. Makalata analipo, timakadi tinalipo, makope analipo. Anandionetsa kuti pa mapepala opyapyala manambala amadumphadumpha, ndipo ambiri mwa enieni aja sanapezeke m'chipinda cha kumbuyo. "Mwina chiswe, amayi," anatero. "Kumudzi zimachitika." Anafunsa ngati ndikukumbukira kalikonse kamene malume ankanena, pensulo ili kale m'manja. Ndinamuuza za chifunga cha ku Misuku.

Chaka chija cha a tcheyamani, khofi atatsala pang'ono kutha kuuma, mtolo wa opyapyala unali utachepa ndithu, ndipo kusankha kwa malume kunkatalika. M'mawa wina anatola pepala limene anali atalibweza kambirimbiri. Anati awa ndi mawu a bambo awo, agogo anga amene sindinawaone, ofotokoza mmene anayendera wapansi ali mnyamata kukagwira ntchito kumigodi ya golide ku Tanganyika. Munali mayina a anzawo amene ananyamuka nawo, mitsinje imene anawoloka, ndi malo amene anaikako mng'ono wawo atamwalira panjira. Anawerenga pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Pakati anaima, navula magalasi, nayambiranso pamwamba.

Kumtunda ndinamva kuseka. Anzanga anali kubwera, gulu lonse, ndipo wina anali atayamba kale nyimbo ija.

"Tanena, mwana wa mlongo wanga. Mtsinje woyamba?"

Ndinatchula dzina lina lake.

"Ayi. Mvetsera bwino. Ndibwereza."

"Malume, ndichedwa."

"Kamodzi kokha. Dzina la amene anaikidwa panjira. Limenelo lokha."

Analitchula. Ndikudziwa kuti analitchula, chifukwa ndinaona milomo yawo ikuyenda. Koma nyimbo inali itafika pamtengo wa mapeyala wa pafupi ndi kwathu, nkhope yanga ikutentha, ndipo ndinangogwedeza mutu, n'kutambasula manja awiri. Anandiyang'ana kanthawi. Kenaka anaika pepalalo m'manja mwanga mofatsa, ngati akundipatsa dzira, nati, "Yenda bwino, njira ikuterera."

Ndinathamangira kunthochi. Pakhonde pa a tcheyamani ndinagwada, n'kuling'amba mizere yowongoka bwino.

Tsiku limenelo ndinalemba m'kakope kanga kuti malume amakonda kundiyesa mayeso pamaso pa anthu ngati iwo ndi aphunzitsi, ndipo sindikudziwa chimene ndinawalakwira. Ndinkaganiza kuti akufuna kuona ngati ndili ndi nzeru. Sindikanatha kumvetsa kuti munthu amene anatha moyo wake wonse akupezera mapepala malo ouma anali atayang'ana nyumba yonse, mudzi wonse, n'kupeza kuti malo otsala oti asungemo bambo ake ndi mutu wa kamtsikana kamanyazi kamene kankangofuna kuti amalize msanga.