Tinaika a Eitefaivi ine ndili kunja kwa geti

Ndinadzuka kunja kusanayere, ndili pakapeti m'nyumba ya malemu achimwene anga ku Girrawheen, dera la mumzinda wa Perth, foni ili pachifuwa batire itatha. Usiku wonse amayi a kumpingo anachezera kuimba nyimbo za maliro pafoni yomweyo, aliyense ali kwake, mawu akufika mochedwa, wina ali pavesi yachiwiri mnzake akadali payoyamba. Siwa yathu inali imeneyo. Unali mwezi wa Epulo, chaka choyamba cha kolona, ndipo boma linali litalamula kuti pamaliro pasapitirire anthu khumi. Achimwene sanafe ndi kolonayo, anagwa ndi sitiroko kubafa, koma lamulo silinkafunsa zimenezo.

Ntchito yanga tsiku limenelo inali imodzi, kuwerenga mbiri ya malemu kumanda. Amayi athu ndi okalamba, ali ku Ntcheu, ndipo ndege zinali zitaima. Anati amvera pafoni ya mdzukulu wawo. Ku Perth sanapondeko, ndipo achimwene sankakonda kuwafotokozera za kuno. Zonse zimene amayi akanadziwa za moyo wa mwana wawo kunja kuno zinali zoti zituluke pakamwa panga. Pepala ndinali nditalemba kale, lili m'chikwama.

Achimwene anali mphunzitsi wa histole kusekondale asanabwere kuno kudzasambitsa nkhalamba za azungu. Histole yonse anaisiya pabwalo la ndege, kupatula chaka chimodzi, 1485. Ukangowapatsa mpata, kaya paukwati kaya m'basi, unkamva za mfumu ya ku Mangalande imene inapita kunkhondo ikudalira nduna yake, nduna ija n'kuima pambali ndi asilikali ake kuonerera kaye kuti apambana ndani. Mfumu itaphedwa anaivula zonse n'kuikoleka pahatchi ngati mbuzi yopita kumsika, manja uku miyendo uku, ena akuibayabe itafa kale. Dzenje anakumba lalifupi, mutu anachita kuupinda kuti ulowe. Amalawi a kuno anawapatsa dzina loti a Eitefaivi, potengera 85 ya chakacho, ndipo ankavomera. Kolona itafika anachita ngati asangalalako, Mulungu awakhululukire, chifukwa chaka chawocho kunagwanso matenda a thukuta opha munthu tsiku limodzi.

Koma pamene ankakwiyira zenizeni, mpaka kumenya tebulo, ndi pa zimene inachita mfumu yopambanayo. Inalengeza kuti inayamba kulamulira dzulo lake la nkhondo, kuti onse amene anamenyera mfumu yawo yeniyeni asanduke oukira. "Kupha munthu aliyense amapha, Estere," ankatero kwa ine. "Koma kusuntha tsiku, imeneyo ndiye nkhanza."

Mpingo wa Amalawi mbali yathu ino unayambira m'galaja mwawo, pamipando ya pulasitiki imene ndinkapukuta ndine. Sindinama, anali ovuta. Ankayendetsa mpingo ngati kalasi ya Folomu 2, kudzudzula madoda a imvi pagulu. Amene anawachotsa pampando ndi bambo amene iwo eni anakawalandira pabwalo la ndege, n'kuwagoneka m'galaja lomwelo mpaka atapeza ntchito. Pamsonkhano wochotsawo amuna anga anakhala pambali panga manja ali m'thumba, maso akuyendayenda, ndipo ataona kumene manja achuluka ndi pamene anakweza lawo. Achimwene sanawatchulenso dzina, ankangoti anduna. Kuchokera tsiku limenelo panapita zaka ziwiri nyumba iyi osaona mlendo wa kumpingo.

Kutacha, kunali kouma, kamphepo kotentha kakuchokera kumtunda. Moto panalibe, utsi panalibe, amayi okhala pabwalo miyendo atatambasula panalibe. Anthu ankabwera ndi galimoto, kuika poto wa mpunga kapena wa nkhuku pakhomo, kugogoda, n'kuthawa ngati ana akuba mango. Mapoto anadzaza khonde. Kenako magalimoto anayamba kundandana mumsewu, mawindo otseka, nkhope zimene sitinazione zaka ziwiri zikusuzumira. Mzungu woyandikana nafe anatuluka ndi galu wake, anawerenga magalimoto ndi chala, n'kubwerera m'nyumba.

A tcheyamani, omwe aja anagona m'galaja, anafika atavala suti yakuda ndi magolovesi a buluu. Anaima patali pakapinga n'kuitana alamu anga, akazi a malemu. Anati mtsogoleri sangasiyidwe kunja, oimba ndi opemphera a mpingo n'kukhala osaimiridwa, ndiye iwo alowa kudzatsogolera mwambo. Ife tinali titakwana kale khumi. Mmodzi anayenera kutsala.

Sanachedwe kupeza. "Asisi awa ndi anamwino," anatero akundiloza ndi chala cha golovesi. "Amakhala ndi odwala tsiku ndi tsiku. Tisaike ana amasiyewa pachiswe. Pepala lawo andipatse, ndiwerenga ndine."

Ndinawayankha kuti ngati ndili ndi matenda ndiye kuti amuna anga amene ndimagona nawo bedi limodzi ali nawonso, ndi alamu amene ndawakumbatira sabata yonse. Ndinayang'ana amuna anga kuti anene kanthu. Manja anali m'thumba. Maso anali pa alamu, kudikira kuti agwera kuti.

Alamu anandikokera kukhitchini. Nkhope inali itatupa ndi kulira. "Alamu, musandide," anatero. "Inu muli ndi amuna. Ine ndatsala ndi ana atatu m'dziko la eni. Mapoto awa mwawaona? Ndikawabweza bambowa, mawa pakhomo pano padzakhala pouma ngati kale. Ndatopa kukhala ndekha."

Ndinakwiya, koma ndikanamenyana ndi namfedwa? Ndinatulutsa pepala. A tcheyamani analilandira ndi zala ziwiri, kulipopera sanitaiza, kulipinda, n'kuliponya m'thumba la jekete.

Galimoto ya maliro inanyamuka dzuwa lili pamutu, nthawi imene kwathu kunali kutangocha. Tinaitsatira nyale zili zoyaka, msewu uli mbee, mashopu otseka, mabasi akuyenda opanda anthu. Pageti la manda panali mlonda amene ankawerenga mitu. Khumi analowa. Ena tonse anatilozera poimika magalimoto kunja, aliyense akhale m'mwake. Manda a kuno ali ngati bwalo la mpira, kapinga wometa bwino, ndipo makangaru, nyama zodumpha za kuno, anali atagona pamthunzi akutafuna, osasamala za munthu. Ndinakumbukira mmene achimwene anasangalalira atamva kuti mafupa a mfumu yawo ija apezeka pansi pa malo oimika magalimoto. Anatiimbira tonse tsiku limenelo ngati apeza m'bale.

Ndinatsegula foni. Amene ankajambula kuti ife ndi a kumudzi tione anali amuna anga. Ndinaona bokosi, mchenga wachikasu utaunjikidwa pambali, ana ataima motalikirana ngati sakudziwana. Pakona ya foni panali kankhope ka amayi, atafunda chitenje kumutu, khutu ataliyandikiza.

A tcheyamani anapemphera, kenako anati tsopano timve mbiri. Dzanja silinapite kuthumba la jekete. Anatchula mudzi molondola, sukulu molondola. Atafika pa za kuno anati mpingo wathu unakhazikitsidwa zaka ziwiri zapitazo, iwo ali mtsogoleri wake woyamba. Zimene zinkachitika kale m'galaja anati kanali kagulu chabe kopanda dongosolo. Anati malemu anali nkhosa yosochera imene iwo anayesetsa kuibweza ndi manja awiri, ndipo ngakhale malemu anali ndi mtima woukira atsogoleri oikidwa ndi Mulungu, mpingo wawakhululukira lero pamaso pa onse. Panamveka ameni mmodzi pafupi kwambiri ndi foni. Ndinawadziwa mawuwo. Chithunzi sichinagwedezeke ngakhale pang'ono.

Ndinafuula kuti bodza, koma mawindo anali otseka ndipo mawu a ife oonera anali atawazimitsa. Ndiye ndinatsamira hutala ya galimoto ndi manja onse awiri. Makangaru anadzambatuka n'kubalalika. Pafoni ndinaona a tcheyamani atukula mutu, n'kumwetulira pang'ono.

"Mwamva?" anatero. "Abale athu kunjako akuvomereza, akutsanzikana ndi malemu."

Galimoto yoyandikana nane inalizanso hutala. Ina inatsatira, kenako zonse, amayi ena akulira n'kumandikwezera dzanja pawindo kundithokoza poyambitsa. Ndinachotsa manja anga, koma phokoso linapitirira lokha mpaka mlonda anabwera kudzatipempha kuti tisiye. Bokosi analitsitsa ndi makina. Panalibe adzukulu, panalibe khasu, ndipo dothi langa sindinaponye.

Madzulo nyumba inali zii. Magalimoto anali atapita, ana atadzitsekera kuchipinda, alamu atagona chovala. Amuna anga anakhala patebulo akudya nkhuku ya m'poto wina wa pakhonde. Foni inalira. Anali amayi.

"Estere, ndamva zonse," anatero, mawu atasasa. "Sindinkadziwa kuti mchimwene wako ankavutitsa anthu a Mulungu chonchi kumeneko. Ndachita manyazi, anthu a m'mudzi anadzaza pano akumvera."

Ndinati amayi, si mmene zinalili, mpingo umenewo anauyambitsa ndi mwana wanu, bambo ajawo anawalandira ndi iwo.

"Iwe unali kuti?" anandifunsa. "Sindinakuone pamanda. Amuna ako ndawamva akuvomera. Anthu onse aja aliza mabelu. Munthu wamkulu anganame ataima pamwamba pa dzenje?"

Ndinayamba kufotokoza za anthu khumi, koma anandidula. "Usamuikire kumbuyo chifukwa ndi mlongo wako, makani ake ndimawadziwa ndine ndinam'bereka. Mawa upite kwa bambo aja. Ukagwade, ukawathokoze, ukapepese m'malo mwanga. Wamva?"

M'nyumba monse munkangomveka mafupa a nkhuku akugwera m'mbale.

"Estere, wamva?"

"Ndamva, amayi."

Foni itaduka, amuna anga anapukuta pakamwa n'kundiuza kuti ngati ndikupita m'mawa andiperekeza, chifukwa kwa a tcheyamani akukudziwa.