Chilimwe Chimene Tadala Anasowa ku Sighthill

Phokoso la helikoputa ya apolisi linkayambira m'mawindo. Magalasi a fulati yathu ku Sighthill, m'dziko la eni kutsidya kwa nyanja, ankanjenjemera, masipuni n'kumalira m'kabati, kenako mthunzi wa helikoputayo unkadutsa pa nyumba zosanja za m'deralo. Chilimwe chimenecho dzuwa linkachedwa kulowa, m'makolido munkanunkha mankhwala otsukira a bulichi ndi anyezi wokazinga, ndipo pempho lathu lokhala m'dzikomo linali litangokanidwa kumene. Mayi anatiletsa kutsegula chitseko wina akagogoda. Tikaona wovala yunifolomu tinkapatuka.

Loweruka lina masana, mng'ono wanga Tadala, wa zaka zinayi, anasowa pabwalo losewerera. Mayi anakwera masitepe onse akuitana dzina lake. Azimayi a kutchalitchi kwathu anafufuza m'malifiti ndi kuseri kwa mabini. Palibe amene ankatchula za ngalande ya madzi akuda yomwe inali chapafupi, koma aliyense maso ankathamangira komweko.

Mayi anagwira foni nthawi yaitali osaimba. Mayi Phiri, anesi amene ankakhala m'fulati ya pansi pa yathu, anawagwira mkono.

"Amake Tadala, imbani. Za mapepala tiziona mawa."

Anaimba. Ndinawamva akutchula dzina lathu lonse ndi nambala ya chitseko chathu. Apolisi awiri anafika msanga, koma helikoputa ayi. Wapolisi wamkazi anafotokoza kuti inalipo imodzi yokha, yomwe boma linkalipirira kuti izithandiza madera onse, ndipo inali kutali kumapiri, kufunafuna munthu wina wosowa. Tinadikira pa kapinga, makosi ali m'mwamba. Kumwamba kunali zii. Dzanja la Mayi linkandifinya phewa mpaka kuwawa, koma sindinadandaule.

Itafika inazungulira motsika, mphepo yake ikugonetsa udzu wa m'mbali mwa ngalande. Kenako inaima malo amodzi. Wailesi ya wapolisi uja inalankhula, iye n'kuyamba kuthamanga. Mayi anangokhala pansi. Tadala anamupeza m'zitsamba pafupi penipeni ndi madzi, ali m'tulo, nsapato imodzi palibe, milomo ili bii ndi mabulosi akutchire.

Mpaka sukulu kutsegulira, chikwama cha zovala zathu chinkakhala pakhomo, chomangamanga. Palibe anabwera kudzatitenga, ndipo patapita nthawi boma linatilola kukhala.

Ine ndinkayesa kuti Mayi anachedwa kuimba chifukwa anaiwala nambala ya apolisi. Lero ndili ndi anga ana, ndipo ndikudziwa chimene ankasinkhasinkha ndi foni ija m'manja. Anasankha kuti kuli bwino atithamangitse m'dzikomo, bola tipite tili atatu.