Makaka aimitsa chapa pa tala

Salamu aleikumu ana anga nonse, mverani za lero.

Paja magetsi atafika kuno ku Mandimba ndinagula jeleira yoziziritsira zakumwa pa baraka panga, kagolosale kaja ka m'mbali mwa msewu. Koma chiikireni tala, machapa, maminibasi athu aja, sakuimanso, angodutsa fyuu! Kale matope ankandiimitsira. Zakumwa zikuzizira, wogula palibe.

Ndiye lero ndatenga makaka a mayi anu, ndayanika pa tala mpaka pakati pa msewu. Chapa ya ku Cuamba yafika, mabuleki kwiii! Motorista, dalaivala wake, watsika akukalipa: “Madala, msewu wa boma ndi mphasa yanu?” Ine ndati: “Mwanawe, dzandikalipire pamthunzi pano, dzuwali likupweteka.”

Anthu onse atsika kudzanditukwana. Kutukwana akutukwana, koma aliyense botolo lozizira lili kukamwa! Jeleira yatsala yopanda kanthu.

Tsopano mayi anu alanda makaka, akuti akununkha matayala ndipo ndawachititsa manyazi. Akuti ndikangobwereza akupita kwawo ku Itepela, jeleira pamutu.

Inu ophunzira ndiuzeni, ndatseka msewu kapena ndatsegula malonda? Muwaimbire mayi anu muwanyengerere msanga. Chapa ya madzulo yayandikira, ndipo thumba la nandolo ndamasula kale.