Giza Yokana Kuyaka pa Mulunguzi

Alamu anga anabweretsa kagiza ka gasi kotenthetsera madzi osamba, konyamula m'manja, pamene tinakagona m'matenti pamwamba pa phiri la Zomba, pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi. M'mawa kunazizira kwambiri, koma kagizako kanakana kuyaka. Ndinasintha mabatire, ndinagwedeza silinda ya gasi, ndinauzira m'paipi, koma osatheka.

Alamuwo anangoyang'ana dzanja langa pa mpopi wa kagizako, n'kunena kuti:

"Alamu, tsegulani mpopi wonse. Kameneka kamayaka madzi akamathamanga."

Nditatsegula, moto unayaka nthawi yomweyo. Kwathu ku Matawale, m'tauni ya Zomba, madzi amavuta, ndiye mpopi timautsegula pang'ono chabe. Ndinasamba madzi otentha, mtsinje womwetsa tauni yonse ukuyenda pambali panga. Koma sopo asanachoke kumsana, dzanja langa linali litatseka kale mpopi.