Kutsika Phiri la Sinowo pa Thumba la Ufa

Ntchito yanga ku keya homu, nyumba yosamalirako okalamba ku Erdington kuno ku Birmingham, ndi yokolopa ndi kuchapa. Amuna anga ndi amene amasamalira agogo, ine ndimabwera pambuyo ndi mopu. Ndikakolopa ndimaimika kachikwangwani kachikasu kaja, kamene anajambulapo munthu akugwa chagada, miyendo m'mwamba, manja akusaka chogwira. Kugwa kwenikweni ndinakuonanso ndi maso: agogo ena anangoterereka pang'ono potuluka m'bafa, chiuno chinathyoka, ambulansi inawatenga, pabedi pawo panabwera munthu wina. Kuchokera tsiku limenelo pansi sindipakhulupirira. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, akamathamanga pa masitepe ndimakuwa mpaka aneba amagogoda khoma. Iye anafika pomandiyankha kuti “I know, Mami” ndisanatsegule n'komwe pakamwa.

Chaka chimenecho sinowo inabwera mochedwa, mu Malichi, maluwa achikasu atayamba kale kutuluka m'mbali mwa msewu. Tinadzuka Lachisanu madenga onse ali mbee. Kusukulu anawatengera ana pa kachitunda ka kuseri kwa makalasi kuti akatsetsereke, ndiye mtsikana wanga anabwera masokosi atanyowa, akuti mawa tipite kuphiri lenileni, anzake onse akupita. Ndinati ayi. Bambo ake anati ndimusiye akaone, pofika Lamlungu sinowo imeneyi ikhala matope. Kunena kunali kosavuta kwa iwo, poti Loweruka anali pa shifiti ya tsiku lonse.

Amene anandigonjetsa ndi asisi a ku Zambia, mayi wamkulu amene timapemphera naye, amakhala chipinda cha pansi pa ife. Anatulutsa sileji yofiira ya pulasitiki, yokhalapo potsetsereka pa sinowo, imene ana awo anaisiya atakula, n'kunena kuti atiperekeza, bola tisawakweze phiri chifukwa bondo lawo limavuta. Ndinalongedza fulasiki ya tiyi, mandazi, ndi thumba la ufa lopanda kanthu, lija timagula ku shopu ya zakudya za kwathu. Ndinalikutumula bwinobwino kuti tikakhalepo pakanyowa. Pulamu yokankhiramo mwana ndinaisiya, matayala ake mu sinowo sayenda. Khanda langa, mnyamata wa miyezi isanu ndi itatu, ndinamuveka zovala mpaka anakhala ngati dzungu, ine ndinavala jekete lalikulu la bambo ake, n'kumubereka pamwamba pake ndi chitenje.

Tinakwera sitima kudutsa tawuni yonse mpaka ku mapiri a Lickey. Nditawaona ndinaseka, chifukwa kwathu ku Dedza zimenezi timati zitunda. M'munsi munali malo otsetsereka pang'ono, tiana tating'ono tikukokedwa ndi makolo, agalu akuthamanga uku ndi uku. Pamenepo mtima unakhala pansi. Asisi anapeza chipika n'kukhalapo, mtsikana wanga anatsetsereka kangapo, ine ndikumuyang'ana, ndikuyang'ananso agalu, ndikuyang'ananso anyamata ena aakulu amene masileji awo sankasankha podutsa. Ndinangotembenuka kuti ndithire tiyi, basi. Pobweza maso, sileji yofiira inali ikukwera m'mphepete mwa mitengo, kutsatira ana aakulu amene ankapita pamwamba penipeni, pamene panali kakhwawa kopapatiza, kotsika ngati khoma.

Ndinasiya kapu n'kuthamanga, thumba lija lili m'manja poti ndinali ndisanaliyale. Asisi anakuwa zinazake koma sindinamve. Za mwana wakumbuyo sindinaganize n'komwe. Mwana ukamubereka sumuwerengera ngati katundu, amakhala ngati msana wako womwe, umalima naye, umasinja naye, umakwera naye minibasi. Anali atagona, kamutu kali khwethe, ine ndikukwera, ndikuponda m'mabowo amene anasiya mapazi a anthu ena, apa ndagwira muzu, apa nthambi, mpweya ukutuluka ngati utsi, ndikuitana mwana amene sakucheuka. Kukwera sikunandivute. Ndinakulira kosenza ndowa kuchokera kukhwawa.

Pamwamba ndinamupeza ali chilili, akuyang'ana nyumba zitalizitali za Birmingham kutali uko, akuloza kuti mwina kwathu ndi cha apo. Ndinafuna kumukalipira koma mpweya unalibe malo. Kenako ndinayang'ana pansi. Asisi anali kadontho kabuluu pa chipika.

Panali bambo wina wachizungu, waimvi, amene anakwera atanyamula masikii paphewa ngati milimo, matabwa awiri aatali opondapo aja. Ankalankhula mothamanga ngati anthu a kuno, ndiye mwana wanga ndi amene ankandimasulira. Akuti kuyambira ali mnyamata amapita kumapiri a mayiko ena, amakwera wapansi kumene makina okweza anthu safika, n'kutsika pa makwawa oopsa kuposa aka, ndipo anathyokapo phewa. Akuti sinowo ya nyengo ino ndi yonamiza: pamene pawomba dzuwa imafewa ngati phala, koma pamthunzi wa mitengo imauma ngati galasi. Njira imene takwererayo anthu aiponda mpaka yasalala, kutsikamo ndi miyendo n'koopsa kuposa kutsetsereka. Atanena zimenezo anazungulira kumbuyo kwanga, nkhope inasintha, n'kufunsa ngati chimene ndaberekacho ndi chikwama kapena mwana.

Ine sindinamve zake, ndinayesa ndithu. Ndinaika phazi limodzi panjira paja, silinaime n'komwe, linangopita lokha kutsogolo, thupi likupita kumbuyo. Ndinagwira chitsamba cha minga ndi dzanja limodzi, bambo uja anandigwira pachigongono, ndinabwerera pamwamba ndi mawondo. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kamunthu ka pachikwangwani chachikasu. Kwathu munthu amapunthwa pamwala n'kugwa chafufumimba, manja patsogolo, mwana wakumbuyo amangodzidzimuka, n'chifukwa chake kumsana timati ndi pabwino. Kuno pansi pamakulanda mapazi, umagwa chagada. Chimene chikanayamba kufika pa galasi lija si ine ayi, ndi mutu wa mwana wanga, ine wonse ndili pamwamba pake.

Ndinatulutsa foni. Amuna anga akakhala pa shifiti foni yawo imakhala yotsekeredwa mu lokala, ndiye ndinaimbira asisi. Anayankha akutafuna mandazi anga.

“Iwe, nenze kukuuza ati siya mwana, manje wamvela? Ine na bondo iyi sinibwela. Nkala pansi useluke na matako, Mulungu anakupatsa yambili.”

Ndinawauza kuti ngakhale nditakhala pansi, ndikayamba kutsetsereka ndigonera kumbuyo basi, mwana ali komweko. Kutafuna kunasiya. Bambo wa masikii anati akhoza kumunyamula khandalo iyeyo n'kutsika nalo bwinobwino. Ndinayang'ana matabwa akewo, ndinayang'ana phewa limene anati linathyokapo, ndinathokoza kwambiri n'kukana.

Khandalo ndi limene linatithandiza osadziwa. Linadzuka ndi phokoso lija n'kuyamba kulira kulira kwa njala. Sindinaganize chilichonse, manja anachita okha zimene amachita tsiku lililonse kutchalitchi, m'basi, pamzere kuchipatala: ndinawerama pang'ono, ndinamasulako chitenje, ndinamuzembetsa kunsi kwa khwapa kubwera naye kutsogolo, ndinatsegula zipi. Bambo uja anayamba kuyang'anitsitsa mitengo mwaulemu. Mwana atagwira bere, ndinamva mphepo yozizira kumsana kumene iye anali. Kumbuyo kunali kopanda kanthu. Ndikagwa chagada tsopano, wogunda pansi ndi ine ndekha.

Ndinamulowetsa m'kati mwa jekete la bambo ake, ndinatseka zipi mpaka pakhosi pake, chitenje ndinachikulunga pamwamba, mfundo kumbuyo, mtsikana wanga akukoka mbali ina mpaka ndinachita kubanika. Ndinayala thumba la ufa pamlomo pa kakhwawa n'kukhalapo. Kenako kamwana kamene ndimakakalipira pa masitepe kanaima patsogolo panga, manja m'chiuno, n'kuyamba kundiphunzitsa, Chizungu ndi Chichewa pamodzi. Ndisakumbe pansi ndi zidendene, ndikatero ndigudubuzika chamutu. Miyendo ikhale yowongoka, thupi ndigonekere kumbuyo. Ndikaona kuti ndikugwa, ndisalimbane nazo, ndingogona. Bambo uja ankavomereza ndi mutu chilichonse, anangowonjezera kuti tikhale mbali ya dzuwa, kumene sinowo yafewa.

“Mami, watch me. Ine first, inu mubwere after.”

Pakamwa panga panali patatseguka kale kuti ndinene ayi. Ndinapatseka. Anakhala pa sileji yofiira, anadzikankha, anapita. Mpweya ndinaugwira njira yonse. Chakumunsi sileji inagunda kachitumbira, mwana uko sileji uko, anagudubuzika ngati mpira, anakhala duu. Ndisanakuwe anadzuka, tsitsi lonse mbee, akugwedeza manja onse awiri.

Thumba la ufa, abale, palibe amene anandiuza kuti limathamanga kuposa sileji yogula. Ndinangosuntha pang'ono, dzanja limodzi lagwira pakona pa thumba, lina lafungata mutu wa mwana, basi mitengo inayamba kudutsa. Sinowo ikundimenya kumaso, ikulowa m'nsapato, m'makutu muli mphepo yokhayokha, ndikuitana amayi anga amene ali ku Dedza, ndikuitana Yesu, zidendene zikufuna kukumba, ndikuziletsa, zikufunanso, ndikuziletsa. Ndinadutsa mnyamata wina wa sileji yokongola, ndinaona pakamwa pake pali yasa. Pa kachitumbira paja thumba linazungulira, ndinayamba kutsika chambuyo, ndikuona pamwamba pamene ndachokera, kenako linandisiya. Ndinagwa chagada, miyendo m'mwamba, ndendende kamunthu kanga kachikasu.

Ndinagona pomwepo ndikuyang'ana mitambo, ndikudikira kuti china chake chipweteke. Palibe. Sinowo ya mbali ya dzuwa inandilandira ngati matiresi onyowa. Ndinatsegula zipi. Mnyamata wanga anandiyang'ana ndi diso limodzi, bere likadali m'kamwa, ngati akufunsa kuti ndamusokonezeranji.

Asisi anafika akutsimphina, bondo lija ataliiwala theka, akuseka mpaka misozi. Anati anajambula zonse pafoni ndipo mawa azimayi akutchalitchi aona mmene Mmalawi amaulukira. Bambo wa masikii anatsika pambuyo pathu mwakachetechete, akukhotakhota ngati njoka pamchenga, anaima pafupi, anasuzumira khandalo, n'kutola thumba lija kundipatsa ndi manja awiri. Ana achizungu anali atatizungulira kale, akufunsa mtsikana wanga kuti chinthu chimenechi amagula kuti. Iye anawabwereka mmodzimmodzi, akuwaika pamzere ngati mwini golosale.

Atandipempha kuti tikwerenso, ndinapereka khanda kwa asisi kaye. Tinakwera mpaka pakati, osati pamwamba, ndipo tinatsika awiri pa thumba limodzi, iye patsogolo, ine ndamukumbatira, tonse tikukuwa.

M'sitima pobwerera ndinamuvula mnyamata wanga chipewa, ndinamusisita mutu wonse, kumbuyo kwa makutu, khosi, msana, tizala ta kumapazi. Chimene chinasowa ndi sokosi imodzi. Asisi anati ndimusiye mwana agone, ndamufufuza ngati wapolisi wa pabodala. Kuchokera pasiteshoni ya Erdington kupita kunyumba, sinowo inali itayamba kusungunuka n'kuumanso pamthunzi wa nyumba, ndipo manja anga anali atayamba kale kumukankhira mwana kumsana. Ndinawabweza. Ndinamumanga pachifuwa, mfundo kumbuyo, mtsikana wanga akukoka mbali yake.