Kakhola ka Mfumukazi ya Njuchi

Patatha zaka ziwiri chilandirireni impso ya mng'ono wawo, akazi anga anatopa ndi mapiritsi. Madokotala anali atanenetsa kuti asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, pakuti asilikali a m'thupi sadziwa chibale. Chochokera kunja chilichonse amachiyesa mdani. Koma iwo ankati impsoyo inazolowera kale pakhomo.

Lamulungu lina tili pakhonde kwathu m'dera la Thokoza, mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino, anatisimbira zimene anawerenga. Anati akatswiri akuyesa kutsekera maselo opanga insulini m'kathumba ka timabowo tosaoneka ndi maso, n'kukaika m'thupi la wodwala shuga. Chakudya chimalowa, insulini amatuluka, koma asilikali aja amangozungulira kunja.

"Nanga bwanji osandisokera kathumba ka impso yangayi, ndipumeko?" anafunsa amayi akewo.

"Impso ndi yaikulu, amayi, ndipo imafuna magazi aziyenda m'kati mwake. Ngakhale za maselozo akali kuyesa."

Pamenepo ndinakumbuka njuchi. Zaka zimene ndinkasamala maluwa panyumba ina ku Kempton Park, ndinkayang'aniranso ming'oma itatu ya abwana. Mfumukazi ya mumng'oma ikafa, tinkagula ina n'kuilowetsa ili m'kakhola ka sefa. Njuchi zinkaidyetsa kudzera m'timipata, koma kuiluma zinkalephera. Tsiku lina ine, poona kuti zakhala bata, ndinatsegula kakholako nthawi isanakwane. M'mawa mwake ndinapeza mfumukaziyo itatayidwa pakhomo pa mng'oma, miyendo ili m'mwamba.

Ndinawasimbira zonsezi mosathamanga.

"Koma njuchi potsiriza zimazolowera," anatero akazi anga.

"Njuchi zimazolowera, amayi. Thupi ndiye ayi," anayankha mwanayo.

Ine ndinati, "Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Koma mlendo ali mwa inuyu sitifuna kuti akamuke. Kakhola alibe. Chomutchinjiriza ndi mapiritsiwo."

Akazi anga anatembenukira kwa ine.

"Ndiye kuti inu, bambo, munapha mfumukazi ya eni, lero mwasanduka dokotala?"

"Ndinataya imodzi. Yachiwiri ndakana."

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, kenaka anandituma madzi. Kuyambira tsiku limenelo ntchitoyo inagwera ine. M'mawa uliwonse ndimabwera ndi kapu ndi kabotolo ka mapiritsi, ndipo iwo, asanameze, amandifunsa ngati njuchi zagona bwino.